Lisiti la Kabaza

Anandisankha kukhala msungichuma
chifukwa ndinafika mochedwa pa msonkhano.
Manja anali atakwezedwa kale
ine ndikupalabe matope a ku Goliati ku nsapato.
Chuma chake: kope lothothoka chikuto,
cholembera chotafunidwa kumutu,
ndi chitini cha majarini
momwe munali makobidi ochepa ndi batani la malaya.

Yathu ndi kalabu ya zisudzo.
Pa ndandanda tilipo makumi awiri,
pokonzekera sewero timabwera asanu ndi anayi,
tsiku losonkha, atatu.

Kuti ndalama ituluke kuno ku Ndata
imafuna manja atatu ndi chidindo.
Wapampando asaine. Patironi asaine,
koma patironi ali ku msonkhano ku Blantyre,
akabwerako ali m'kalasi,
akatuluka m'kalasi kwagwa maliro kwawo.
Kenako ofesi ya a Mayi Mulipa,
kumene pepala limagona pansi pa anzake
ngati nthochi yovundikira.
Tinapempha tiyi akuphukira mvula yoyamba.
Inabwera chiperoni chitameza phiri la Mulanje,
inabweranso theka,
katani titasoka kale ndi nsalu yofunda ya Esinati.

Loweruka lija tinapita nalo sewero
pa sukulu ina kuseri kwa esiteti.
Feston anagwa pakati pa mawu ake.
Ana anaomba m'manja, ati waitha,
pomwe mnzathu mphumu itamugwira pakhosi.
Ndinaimitsa njinga yamoto.
Sindinanenerere mtengo, sindinafunse dzina,
ndinangomukumbatira Feston kumbuyo
tikudumpha mabampu mpaka ku chipatala.

Kutha kwa chaka, kope pa tebulo.
A Mayi Mulipa anatsitsa magalasi pamphuno,
chala chikuyenda mzere ndi mzere:
penti, lisiti lilipo. Misomali, lilipo.
Mandasi makumi atatu, mayi wogulitsa anadinda chala.
Apa chala chinaima.
Zikwi zisanu ndi chimodzi izi?

Ndinafotokoza, mawu akundithawa.
Iwo anati, ndikukukhulupirira, mwanawe.
Koma amene anakhala pampando uwo chaka chatha
anandilirira amalume atatu m'miyezi iwiri
n'kutuluka muno ndi foni yatsopano.
Ndalamayi ndi ya mnzako wogona ndi chigumu m'mimba
kuti fizi ikwane.
Kabati iyi simva misozi.
Popanda lisiti, kalabu yanu chaka chamawa ilibe kanthu.

Ndinafuna kuwada.
Ndinayesetsa njira yonse yobwerera ku hositelo,
koma foni ija ndinali nditaiona ndi maso anga.

Masiku atatu ndinazungulira pa siteji ya njinga
kufunsa za munthu amene ndinangomudziwa msana:
jekete yobiriwira, yong'ambika paphewa.
Ena ankati ndine wapolisi.
Lachinayi, pafupi ndi ogulitsa tomato,
msana uja unatembenuka. Dzina lake Dafita.
Anaseka mpaka kugwira chiwongolero:
lisiti, pa kabaza?
Anang'amba katoni ya sopo,
nanyambita nsonga ya cholembera changa,
nalemba pang'onopang'ono, zilembo zikutsamirana:
Ine Dafita ndinanyamula wodwala mmodzi
ndi womugwira mmodzi. Ndinalandira.
M'munsi anawonjezera, Kodi anachira?

A Mayi Mulipa anakawerenga kawiri kakatoniko,
nakanunkhiza, fungo la sopo lidakalipo.
Chidindo chinagwa, phi!
Anakamata pa tsamba lomaliza
pamwamba pa malisiti a m'masitolo akuluakulu.
Ndili pakhomo anandiitana osadzutsa mutu:
Nanga funso la bamboyu, wawayankha?

Feston ali bwino, akuloweza sewero lina.
Fomu ya chaka chamawa ili kale pansi pa anzake.
M'chitini mwatsala batani lija,
mwini wake sanapezekebe.
Masankho ali Lachitatu, folo koloko.
Ndikafika ikamakwana fili.